Msana ngwa mwana, nanga chikwama chikhale pati?

Aliyense amene wayendako m'misika ya Dyeratu, Nchalo kapena Ngabu zaka zaposachedwapa waona kuti zikwama zobereka kumsana zasiya kukhala za ana asukulu okha. Masiku ano amayi achitsikana ambiri, makamaka omwe ali ndi ana aang'ono, akumaima pamulu wa kaunjika n'kumatembenuza zikwamazi, kufunsa mtengo ndi kunenerera. Ena akumachita kutuma achibale opita ku Limbe kapena ku Joni kuti akawagulire chamakono, cha matumba ambirimbiri, chonga chomwe adachiona pafoni.

Palibe cholakwika pamenepa. Kwa nthawi yaitali mayi wa m'chigwa cha Shire wakhala akuyenda jumbo ili kumanja, kachikwama kukhwapa, mwana kumsana, winanso akukoka chitenje. Jumboyo ikabooka panjira, matewera, sopo ndi kabuku kakuchipatala zonse zimagwera pafumbi. Choncho chikwama chomwe chimasiya manja onse awiri ali omasuka ndi mpumulo waukulu, ndipo mayi wochifuna asamanenedwe kuti wayamba matama.

Koma pali funso limodzi lomwe ogulitsa safunsa, ndipo ogula ambiri amalikumbukira atafika kale kunyumba. Zikwama zambiri za mtunduwu adazisokera amayi a m'maiko momwe mwana amayenda m'kangolo kokankha, msana wa mayi uli wopanda kanthu. Kwa Katunga zinthu sizili choncho. Msana uli kale ndi mwini wake, ndipo mwiniwakeyo sachokapo mpaka atayamba kuyenda mtunda payekha. Chikwama chomwe sichingagwirizane ndi mbereko, ngakhale chikongole chotani, chimathera pamsomali.

Ena anganene kuti nkhani ya chikwama njochepa, yosayenera kutayirapo nthawi. Oganiza choncho ayambe asuzumira m'kati mwake.

M'chikwama cha mayi ndimo mumakhala kabuku kakuchipatala ka mwana. M'kabukumo ndimo alangizi a zaumoyo amalemba kulemera kwa mwana mwezi ndi mwezi kusikelo, matenda omwe adadwala, mankhwala omwe adalandira ndi katemera aliyense yemwe adabayitsa. Katemerayo ngwambiri: wa chifuwa chachikulu ndi wa poliyo mwana akangobadwa, wina pa masabata 6, 10 ndi 14, kenaka wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15. Chikwawa ndi Nsanje ali m'gulu la maboma 11 omwe adayamba kupereka katemera wa malungo mu 2019, pomwe Malawi lidakhala dziko loyamba kuyamba ntchitoyi. Katemera ameneyu amaperekedwa kanayi, pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Palibe mayi yemwe angasunge masiku onsewa pamtima, makamaka ngati ali ndi ana awiri kapena atatu otsatana. Kabuku kakanyowa inki n'kufufutika, mbiri yonse ya mwana imafufutika nayo limodzi.

M'chikwama momwemo ndimo mumakhala chiphaso cha unzika. Chichitikireni kalembera wamkulu wa bungwe la NRB mu 2017, pomwe Amalawi oposa 9 miliyoni adalembetsa, chiphasochi chakhala kiyi wa zinthu zambiri. Chimafunika kubanki, polembetsa nambala ya foni, pogula zipangizo zaulimi zotsika mtengo ndiponso polandira thandizo losiyanasiyana. Kuphatikiza apo pali chiphaso chakubadwa cha mwana, foni yomwe mumakhala ndalama za Airtel Money kapena Mpamba, ndi mankhwala omwe ena amamwa tsiku ndi tsiku monga ma ARV kapena a kuthamanga kwa magazi. Kunena zoona, chikwama cha mayi ndi ofesi ya banja lonse.

Tsono ofesi imeneyi ili m'dera lomwe madzi saiwala khwawa. Mu January 2015 madzi osefukira adasamutsa anthu pafupifupi 230,000 m'dziko muno, ndipo Nsanje ndi Chikwawa adali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Mu March 2019 mvula yomwe idadza ndi namondwe wa Idai idachitanso zomwezo. Mu January 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mphamvu ya magetsi pafupifupi ma megawatt 130, ndipo msewu wa M1 udaduka m'boma la Chikwawa. Mu March 2023 kudabwera Freddy, yemwe adapha anthu oposa 600, ena oposa 500 osaoneka, ndipo oposa 650,000 adasowa pokhala. Kanayi m'zaka zosakwana khumi mabanja a m'chigwachi athawapo madzi, ena usiku, akuthamangira kusukulu ndi kumatchalitchi a kumtunda.

Pa nthawi yotere palibe amene amalongedza. Mayi amanyamula mwana ndi chomwe dzanja lake lafikira. Ngati makabuku ali m'sutikesi kunsi kwa bedi, chiphaso m'thumba la diresi lomwe layanikidwa panja, mankhwala pawindo, ndiye kuti zonse zatsala. Banja limafika pamsasa lili lamoyo, inde, koma lopanda chosonyeza kuti mwana adalekezera pati katemera, kapena kuti mayi amamwa mankhwala anji. Kukonzetsa chiphaso china kumalira ndalama, ulendo wa kuboma ndi kudikira. Ichi n'chifukwa chake kusankha chikwama kuno si nkhani ya fasho yokha.

Nanga mayi asankhe bwanji?

Choyamba, apite kumsika ali ndi mwana kumsana monga amayendera masiku onse, ndipo ayese chikwamacho pomwepo. Wogulitsa wokana kuti munthu ayese katundu wake ali ndi chomwe akubisa. Mayi wobereka mwana ali ndi njira zitatu zonyamulira: kuchikoleka kutsogolo, kuchipachika paphewa ndi lamba wamtali wodutsa pachifuwa, kapena kuchigwira kumanja. Chikwama chabwino ndi chomwe chimalola njira zonsezi, komanso chidzathe kupita kumsana mwana akadzayamba kuyenda. Chikhale ndi malamba awiri ofewa, chogwirira chapamwamba chosokedwa molimba, ndi malo okolekapo lamba wamtali. Pochikoleka kutsogolo mayi aonetsetse kuti zomangira zachitsulo kapena zapulasitiki sizikukanda miyendo ya mwana, sizikumasula mfundo ya chitenje, ndiponso kuti iye akutha kuona pomwe akuponda. Chikwama chofufuma ngati ng'oma chimabisa mapazi, ndipo panjira ya matope kapena pokwera bwato chingagwetse mayi ndi mwana yemwe.

Chachiwiri ndi kukula kwake. Mwana wa chaka chimodzi amalemera makilogalamu 9 kapena 10. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Mayi yemwe wabereka mwana, wanyamula malita awiri a madzi, zovala ndi chakudya, ndiye kuti wasenza kale katundu wokwanira. Chikwama chomwe chikulemera chisadaikidwemo kanthu chisiyidwe pamulu pomwepo. Komanso chikwama chachikulu chimaitana katundu. Lero mulowa nsapato za bambo, mawa tomato wa apongozi, mapeto ake msana ndi mapewa a mayi ndiwo amalipira. Chapakatikati, chokwana matewera atatu, chitenje chapadera, zovala zosinthira mwana, sopo, botolo la madzi, kapu ndi supuni, n'chokwanira.

Chachitatu ndi nsalu yake. M'miyezi ya October ndi November kutentha m'chigwa cha Shire kumapitirira madigiri 40. Zikwama zonyezimira za chikopa chabodza zimaoneka bwino pashelefu, koma zikaona dzuwa la ku Chikwawa zimayamba kusweka ndi kusupuka ngati khungu la njoka, ndipo telala sangazisoke chifukwa singano ikangodutsa zimang'ambika. Apa ndiye pali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nsalu ya nayiloni yokhuthala kapena ya kanivasi imapirira, imachapika ndipo imauma msanga. Njira yapafupi yoyesera ndi kuthira timadzi pang'ono pamwamba pake. Madziwo akamagubuduka n'kugwa, nsaluyo njabwino. Akalowerera nthawi yomweyo, mvula ya January idzalowereranso chimodzimodzi.

Komabe mayi asanamizidwe kuti pali chikwama cha pamsika chomwe madzi sangalowe ngakhale pang'ono. Madzi amalowera m'zipi ndi m'misoko. Choncho makabuku ndi ziphaso zikulungidwe m'pepala la pulasitiki lokhuthala, kapena ziikidwe m'kakontena kotseka bwino, kenaka n'kuziika m'thumba la m'kati. Amene ali ndi foni yojambula ajambule tsamba la katemera ndi chiphaso mbali zonse, n'kutumiza zithunzizo kwa m'bale wokhulupirika wokhala kwina. Chithunzi sichilowa m'malo mwa chiphaso, koma chimathandiza mlangizi wa zaumoyo kudziwa poyambira.

Chachinayi ndi zipi ndi misoko. Chikwama sichifera pansalu, chimafera pazipi ndi pomwe lamba adalumikizira. Mayi atsegule ndi kutseka zipi iliyonse kangapo, makamaka pokhota, ndipo ayese kutero ndi dzanja limodzi, pakuti dzanja linalo nthawi zambiri limakhala litagwira mwana. Zipi ya mano akuluakulu imapirira fumbi kuposa yaing'ono. Atembenuze chikwamacho kuti aone m'kati, akoke malamba mwamphamvu, aone ngati pansi pake pali nsalu ziwiri. Zingwe zolendewera azidule kapena azimange, chifukwa pakabaza chikwama chimakhala pamiyendo ndipo chingwe chimodzi chokha chikalowa m'masipoko chingagwetse anthu atatu nthawi imodzi.

Chachisanu ndi matumba. Ogulitsa amakonda kunyadira kuchuluka kwa matumba, koma matumba khumi ndi awiri amangosokoneza mayi yemwe akufunafuna kabuku ali pamzere wa sikelo mwana akulira. Ofunika ndi anayi. Lalikulu la zovala zoyera. Lina lapadera, lopukutika, la matewera ndi zovala zomwe mwana waipitsira. La m'mbali loimikamo botolo la madzi kuti lisatayikire pa zinthu zina. Ndi la m'kati la zipi, lomwe limakhala mbali yogunda thupi la mayi, losungiramo ndalama, foni, ziphaso ndi mankhwala. Thumba limeneli limateteza ku manja awiri: la wakuba wa pamsika, ndi la mwana wa zaka ziwiri yemwe amaona mapilitsi ngati maswiti.

Kulekanitsa zoyera ndi zakuda si nkhani ya ukhondo wodzionetsera. Mliri wa kolera womwe udayamba mu March 2022 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo matenda otsegula m'mimba amafalikira kudzera m'zinthu zazing'ono monga kapu ya mwana yomwe yagona pamodzi ndi thewera lonyowa. M'chikwama musasowe sopo, madzi owiritsa kapena othira mankhwala, ndi timapaketi ta Thanzi ORS. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino, ndipo zotsala zimatayidwa pakatha maola 24. Phala lophikaphika nalo silichedwa kusasa m'nyengo yotentha, choncho lisamakhale m'chikwama tsiku lonse. Mankhwala nawo sagwirizana ndi dzuwa, kotero chikwama chisamasiyidwe pamtetete.

Palinso zina zomwe mayi sayenera kulipirira. Zikwama zambiri zochokera kunja zili ndi timatumba tosungira mabotolo a mkaka kuti asazizire. A zaumoyo amalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba, ndipo akayamba kudya azimwera m'kapu, chifukwa botolo ndi nkhumbu yake n'zovuta kutsuka bwino. Timatumba totere tingathe kusungira zina, koma si chifukwa chowonjezerera mtengo. Chimodzimodzinso kabowo kotchajira foni, komwe sikagwira ntchito popanda batire lapadera, ndi dzina la kampani yotchuka lomwe langomatidwa pa katundu wosalimba. Dzina silinyamula matewera.

Zonsezi sizikutanthauza kuti mayi asankhe chinthu chosaoneka bwino. Mkazi sasiya kukhala mkazi chifukwa choti wabereka. Chikwama chimenechi adzapita nacho kutchalitchi, kuchinkhoswe, kuukwati ndi kumsonkhano wa banki mkhonde, ndipo ali ndi ufulu wofuna kuti chigwirizane ndi chitenje chake. Komanso chinthu chomwe munthu amachikonda amachisamala ndipo sachisiya kunyumba. Kukongola ndi kulimba si adani. Mitundu yoderako monga yobiriwira, yofiirira kapena yamaluwa imabisa fumbi la m'chilimwe kuposa yoyera, pomwe m'kati mukakhala mowala mayi amaona msanga chomwe akufuna ngakhale ndi tochi usiku.

Apa ndi pomwe atelala a m'misika yathu ali ndi mwayi womwe ambiri sadauone. Telala wa pakhonde la sitolo ku Nchalo kapena paboma amadziwa momwe mayi wa kuno amaberekera mwana, zomwe fakitale ya ku China singadziwe. Atha kusoka chikwama cha chitenje chomwe mwini wake wasankha, kuikamo nsalu yosalowa madzi m'kati, kulimbitsa pansi ndi nsalu ya jinzi yakale, ndi kuyeza malamba pathupi la mayiyo mwana ali kumsana. Chikang'ambika, wochikonza ali pomwepo. Sukulu za ntchito zamanja ndi bungwe la TEVETA zingachite bwino kuphunzitsa achinyamata luso limeneli, m'malo moti aliyense azingosoka mayunifolomu ndi madiresi okhaokha.

Nkhani ya ndalama siyingazembedwe. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo katundu aliyense wochokera kunja adakwera mtengo. Mu February 2025 ogulitsa kaunjika ku Lilongwe adachita kuguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo podandaula za kukwera mtengo kwa mabelo. M'nyengo yotere banja silingakwanitse kugula chikwama kawiri pachaka. Chotchipa chomwe zipi yake ifa pakatha mwezi n'chodula kuposa cha kaunjika cholimba chomwe chidzalera ana awiri. Cha kaunjika chichapidwe bwino ndi sopo n'kuyanikidwa padzuwa chisanalowemo zinthu za mwana. Ndipo ngati ndalama sizikukwana lero, kuli bwino kudikira magawo a kubanki mkhonde kusiyana n'kuthamangira chilichonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano abambo. Mbiri imati mfumu Katunga idali m'gulu la Amakololo omwe adabwera ndi David Livingstone n'kukhazikika m'chigwachi. M'zaka za m'ma 1880 sitima zapamadzi za kampani ya African Lakes zinkakocheza padooko la kwa Katunga, chifukwa mathithi a mumtsinje wa Shire sankalola kuti zipitirire. Kuchokera pamenepo katundu yense ankasenzedwa pamutu ndi amtengatenga, amuna, kukwera mapiri mpaka ku Blantyre. N'zodabwitsa kuti m'dera la mbiri yotere lero mumapezeka bambo akuyenda patsogolo manja ali m'thumba, mkazi wake akubwera m'mbuyo ndi mwana kumsana, wina kumanja, chikwama pachifuwa.

Yankho lapafupi la funso loti chikwama chikhale pati ndi lakuti chikhale pamsana pa bambo. Msana wake ulibe mwini. N'chifukwa chake n'kwanzeru kuti banja lisankhire limodzi chikwama chomwe bambo sangachite nacho manyazi, cha malamba otha kutalikitsidwa. Bambo wonyamula chikwama cha mwana wake popita kusikelo sadadyetsedwe mankhwala, monga amanenera anzake a pabawo. Iye akudziwa pomwe pali kabuku, akudziwa tsiku la katemera wotsatira, ndipo tsiku lomwe mayi adzadwale kapena adzakhale kumunda, mwana sadzaphonya sikelo. Mutu umodzi susenza denga. Chomwe sichiyenera kuchitika ndi kusenzetsa katunduyo kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri chifukwa choti ndiko kachisamba.

Chikwama chikagulidwa, chikhale ndi malo ake amodzi m'nyumba, pamsomali wapamwamba pafupi ndi khomo, pomwe aliyense wamkulu akupadziwa koma mwana sangafikire. Kuyambira November mpaka April chizigona chili cholongedza: makabuku, ziphaso, mankhwala, tochi, tchaja, ndalama pang'ono ndi zovala za mwana. Neti yoteteza ku udzudzu ikhale yosavuta kumasula, pakuti malungo sasiya anthu chifukwa choti ali pamsasa. Nthambi yoona zanyengo ndi ya DoDMA zikalengeza pawailesi kuti anthu asamukire kumtunda, banja lisamayambe nthawi imeneyo kufunsana kuti kabuku ka mwana kali kuti. Ndipo chikwama chili pathupi chisapatse munthu mtima wowoloka madzi othamanga. Chimateteza mapepala, osati moyo.

Alangizi a zaumoyo, omwe amakumana ndi amayi mwezi uliwonse kusikelo, atha kuthandiza pongowonjezera mawu ochepa pa maphunziro awo a m'mawa: momwe angasungire kabuku kuti kasanyowe. Mabungwe omwe amagawa ndowa, mabulangete ndi ziwiya madzi akasefukira aganizirenso zogawa timatumba tosalowa madzi mvula isadayambe, chifukwa kuteteza chiphaso n'kotchipa kuposa kukonzetsa china. Mafumu ndi makomiti a m'midzi oona za ngozi nawo aziikumbutsa nkhaniyi pamisonkhano yawo.

Mayi wa kwa Katunga ali ndi ufulu wotchena, ndipo msika uli ndi zokongola zambiri zoti asankhepo. Chachikulu n'chakuti posankhapo akumbukire mwana yemwe ali kumsana, dzuwa la October, kabaza wa kusikelo ndi mtsinje wa Shire. Chikwama chomwe chakhoza mayeso anayi amenewa, n'kukhalanso chosangalatsa m'maso, ndicho choyenera ndalama za banja.